Sikelo pa Khonde la Apongozi

Makilo 40. Ndi okhawo amene basi ya ku Joni imalola munthu mmodzi kunyamula osawonjezera ndalama, malinga ndi zomwe ogulitsa matikiti ku Lilongwe anamuuza Iness Mhango pa foni. Kilo iliyonse yopitirira pamenepo ndi K3,000. Anamva zimenezi mwezi wa Meyi, ndipo kuyambira tsikulo chilichonse chimene wachigwira amayamba wachipepesa m'manja kuti amve kulemera kwake.

Timagulitsa moyandikana mumsika wa pa Boma la Mzimba. Iye ali ndi benchi la nyemba ndi mtedza, ine la mpunga ndi soya. Iness ali ndi zaka 34, ndi wamfupi, ndipo saseka wamba. Kwawo ndi ku Luwerezi. Sukulu anasiyira Fomu 2, nakwatiwa ku Edingeni kwa a Moyo, amene anamulowola ndi ng'ombe zisanu. Mwamuna wake Bestone ankacheka matabwa ku Chikangawa. Anadwala chifuwa miyezi isanu ndi iwiri, namwalira, kumusiyira ana awiri. Patatha chaka Iness anapempha apongozi ake, amama NyaShaba, kuti abwere pa Boma kudzachita geni. Anamulola, koma mawu omwe anamuperekeza nawo anali akuti mkazi wolowoledwa sachoka pakhomo, amangobwerekedwa.

Anayamba ndi ndowa imodzi ya nyemba ndi sikelo yopachika, yokhala ndi ngowe kunsi. Sikeloyo amayenda nayo m'chikwama kulikonse, ngakhale ku tchalitchi. Msika wonse umadziwa kuti pa benchi la Iness palibe basela, komanso palibe kuba. Kilo ndi kilo.

Kuno kwathu ulendo wa ku Joni si nkhani. Pafupifupi nyumba iliyonse ili ndi wake kumeneko. Koma Iness sankafuna kukasaka ntchito. Mlamu wake Yotam, mng'ono wa Bestone, amene wakhala kumeneko zaka zisanu ndi zitatu, anamuuza kuti anthu a kwathu amalira ndiwo za kumudzi, ndipo bowa wouma wa ku Chikangawa amamugula katatu mtengo wa kuno. Iness anaganiza zopita mwezi wathunthu: akagulitse zakudyazo, akaphunzire misewu ndi masitolo, abwere ndi mabulangete ndi nsapato.

Kwa zaka ziwiri anasunga K780,000. Tikiti yopita ndi kubwera inatenga K500,000, ulendo wa ku Lilongwe K40,000, katundu K150,000, chakudya K60,000, ndipo K30,000 inatsala ya mwadzidzidzi. Makilo 40 aja anawagawanso: nyemba 15, mtedza 10, bowa 8, mfutso 3, zovala zake 4. Zonsezi anazilemba papepala. Ndinaona pepalalo ndi maso anga, ndipo ndinachita nalo kaso. Pa malo ogona panalibe ndalama iliyonse. Yotam anali atanena kuti m'chipinda mwake muli malo a mphasa, mlamu wake asadandaule. Ulendo wonse unatsamira pa mphasa imeneyo.

Cholakwa choyamba anachichita ku tchalitchi. Anthu a kuno akamapita ku Joni sanena. Umangozindikira kuti uje sakuoneka, kenako wamva kuti anafika dzana. Ine ndinkayesa kuti amaopa anthu a nsanje. Iness, poti unali ulendo wake woyamba kutuluka m'dziko, anaimirira pa msonkhano wa amayi a Umanyano napempha mapemphero, natchula ndi mwezi womwe. Mwa amayiwo munali wina wokwatiwa kuchokera ku Edingeni.

Loweruka lotsatira Iness anapita kukatsanzika apongozi ake, monga ayenera kuchitira mkamwana. Tinakwera limodzi chifukwa ine ndinkakasaka soya kumeneko. Titafika tinapeza pakhonde la amama NyaShaba pali amayi khumi atakhala pa mphasa, ndipo kukhoma kuli mulu wa matumba. Lililonse linali losokedwa ndi ulusi wa saka, lolembedwa dzina ndi nambala ya foni. Ndi pamene ndinadziwa chifukwa chenicheni chimene anthu amachokera mwakachetechete.

Iness anagwada, napereka moni kwa aliyense. Apongozi ake anamwetulira, chinthu chomwe ndinamva kuti sichichitika kawirikawiri.

"Mkamwana, tamva za ulendo, ngakhale tamvera kwa anthu," anatero amama NyaShaba. "Yewo chomene. Ana athu kumeneko akuvutika ndi ufa wa m'sitolo. Tumaphukusi tochepa iti, mukawapatse. Lalikululo ndi la Yotam."

Iness anayang'ana muluwo. Kenako anatsegula chikwama, natulutsa sikelo, naimirira, naipachika pa mtanda wa khonde.

Ndinaona nkhope za amayi aja zikusintha, koma Iness sanaone. Maso ake anali pa singano ya sikelo. Anakoweka thumba loyamba. "Makilo anayi." Lachiwiri. "Atatu ndi theka." Ankatchula mokweza, ndi mawu omwe aja a mumsika. Thumba la Yotam linamukanika kunyamula yekha, choncho anamasula ulusi kuti ayeze zam'kati chimodzichimodzi. Munali ufa makilo 20, mtedza makilo awiri, ndi maungu awiri akuluakulu olemera makilo 9.

"Zonse pamodzi ndi makilo 63, amama," anatero. "Pa basi ndi K189,000. Lanu lokha ndi K93,000. Ine ndilibe ndalama imeneyo. Ngati aliyense apereka ya thumba lake, ndinyamula."

Mayi wina anakoka thumba lake, naliyika pamiyendo ngati mwana amene wamenyedwa.

"Mwamasula phukusi la mwana wanga pamaso pa anthu?" anafunsa amama NyaShaba.

"Ndimafuna kudziwa kulemera, amama."

"Mwayeza chakudya chimene mayi akutumizira mwana wake. Pakhonde panga. Ndine kasitomala wanu ine?"

"Ayi, amama. Koma maungu kumeneko aliko. Ufa uliko. Dzungu limodzi ili lokha likudya malo a bowa wa..."

"Tamverani! Akutiuza za Joni munthu woti sanafikepo ndi ku Lilongwe komwe!" anatero mayi wa thumba pamiyendo uja, ndipo anzake anaseka kuseka kowawa.

Amama NyaShaba sanaseke. "Pamene tinkakutengani kwanu, tinapereka ng'ombe zisanu. Sitinakupachikeni pa sikelo kuti tione ngati mukukwana."

Apa Iness akanakhala chete, mwina zikanathera pomwepo. Koma iye nambala yolakwika saisiya.

"Zinali zinayi ndi thole, amama."

Ndinatsala pang'ono kulowa pansi. Amama NyaShaba anaimirira pang'onopang'ono, namangitsa chitenje.

"Mbwenu mwatha. Chotsani chitsulo chanucho pa nyumba yanga. Ndipo kumene mukupitako mukagone pa sikelo yanuyo."

Tinabwerera pa Boma osamwa ndi madzi omwe. Soya sindinagule. Mu minibasi Iness anangoti, "Ndanama pati?" Ndinamuuza kuti sananame paliponse, ndipo vuto lake linali lomwelo.

Nkhani inafika mumsika Lolemba m'mawa. Anyamata onyamula katundu anayamba kumuitana NyaSikelo. Amayi a ku Edingeni amene ankagula nyemba kwa iye ankadutsa benchi lake n'kukagula kutsogolo, kumene kilo ndi yopereŵera. Wina anaima pamaso pake n'kumufunsa ngati moni nayenso amayamba wamuyeza. Mayi wogulitsa tomato, amene mwana wake ali ku Joni, ananena mokweza kuti amuna amanyamula maphukusi a mudzi wonse osadandaula, nanga mkazi wamasiyeyu akudziyesa ndani. Palibe amene anatchula kuti amunawo amapita ndi chikwama chimodzi cha zovala, opanda malonda.

Lachitatu kunabwera a Zondwayo, mchimwene wamkulu wa malemu Bestone, pa njinga yamoto. Anamasula pa njingayo thumba la Yotam, losokedwanso, naliponya pa benchi mpaka nyemba zinamwazika.

"Amama ati munyamule kapena mudye ndi ana anu. Chimene chatuluka m'nyumba mwawo sichibwerera."

"Alamu, ndapota, takhalani pansi tikambirane."

"Ndikambirane ndi inu? Munditchaja zingati pa mphindi?"

Analiza njinga napita. Masana omwewo pa foni ya Iness panalowa mawu ojambulidwa ochokera kwa Yotam. Anandimvetsera. Ankayankhula mwaulemu, mofulumira, ngati munthu amene wauzidwa zonena. Anati amama alira pa foni, anati mwini nyumba wayamba kuletsa alendo, anati ngati mlamu abwera ndi phukusi la amama mwina angayese kupempha, koma popanda phukusilo malo palibe.

Iness anakhala pa thumba la Yotam lomwelo, natulutsa pepala lake. Kunyamula thumbalo kunali kutaya K93,000, kapena kusiya makilo 31 a katundu wake n'kupita ku Joni ndi maungu. Kulisiya kunali kufika m'dziko la eni wopanda pogona. Tikiti anali atagula kale, ndipo sabweza ndalama. Tsiku limenelo anatseka benchi dzuwa likadali pamutu, chinthu chimene sindinamuonepo akuchita.

Masiku atatu anafunsa aliyense wa kuno amene ali ndi mbale ku Joni. Onse anali atamva za sikelo. Wina anati mwana wake anasamuka, wina anati foni inatayika. Wina anamuuza mosabisa kuti sangalowetse m'nyumba ya mwana wake munthu wonyoza apongozi.

Thandizo linachokera kwa munthu amene sakudziwa mudzi wa Edingeni. Sellah ndi namwino wochokera ku Dedza, anatumizidwa kuno chaka chatha, ndipo amagula nyemba kwa Iness Lachisanu lililonse chifukwa, mwa mawu ake, ndi benchi lokhalo limene kilo yake imafika kunyumba ili kilo. Atamva nkhaniyo anaseka mpaka kugwira benchi.

"Maungu, mayi? Mpaka ku Joni? Koma inunso, mukanayezera kuseri!"

Mng'ono wake Felesta amakhala kumeneko m'chipinda chimodzi ndi amayi ena awiri. Sellah anamuimbira pomwepo. Felesta anati malo a mphasa alipo, koma si aulere: ndalama yofanana ndi K70,000, ndipo kwa milungu itatu yokha, chifukwa pambuyo pake kukubwera mwini malowo.

Iness sanachedwe. K70,000 ndi yochepa kuposa K93,000, ndipo makilo ake 40 akhala ake. Anachotsa K30,000 ya mwadzidzidzi yonse, nachotsanso K40,000 pa chakudya. Mwezi unasanduka milungu itatu. Pa chakudya patsala K20,000, ndipo akuti azikadya nyemba zake zomwe mpaka atagulitsa bowa woyamba. Ndinamufunsa kuti akadwala atani. Anati sadwala.

Loweruka anabwereka njinga yamoto, namangirira thumba la Yotam kumbuyo, napita ku Edingeni. Ndinamva kwa iye mwini zimene zinachitika. Anagwada pabwalo, napereka moni kawiri, osayankhidwa. Anatula ufa ndi maungu pakhonde. Amama NyaShaba anali pakhomo akusankha nyemba, maso pansi.

"Amama, ufa ndi maungu ndabweza. Mtedza wa alamu ndatenga, ndikawapatsa pamanja."

"Musavutike. Ungakuthereni ndalama."

"Ndachotsa madilesi anga awiri ndi nsapato. Malo apezeka."

Apongozi ake anadzutsa mutu. "Mtedzawo mwauyezanso?"

"Ndauyeza, amama. Makilo awiri."

"Chokani."

Anachoka. Ndinamufunsa chifukwa chimene wanyamulira mtedza wa munthu amene wamumana pogona. Anati ana ake ndi a Moyo, munda wa bambo awo uli ku Edingeni, ndipo tsiku lina adzafunika kulowa pakhomo paja. Makilo awiri angakwanitse. Makilo 31 ayi.

Mumsika akumuitanabe NyaSikelo, ndipo a Zondwayo anamudutsa dzulo pa depoti osamuyang'ana. Ana apita kale kwa mayi a Iness ku Luwerezi. Benchi atseka milungu itatu. Nyemba, mtedza ndi mfutso zili m'matumba, zoyezedwa kawiri. Pa bowa pakupereŵera makilo atatu.

Lolemba akwera minibasi ya ku Chikangawa kukagula makilo atatuwo. Akabwerako asoka matumba, akwera ya ku Jenda, kenako ya ku Lilongwe, kumene basi ya ku Joni imanyamukira. Tsiku lonyamuka sanauze munthu, ndipo ku tchalitchi sakapemphanso mapemphero mokweza.