Chitini cha Rezini Tsiku la Chiperoni

Amene anandiwononga dzanja lamanja ndi akapitawo a ku wekishopu ya fakitale yathu ya tiyi. Anandinyamulitsa chitini choti chiyaka, kenako n'kukauza abwana kuti ndinasakaniza ndekha.

Ntchito yanga inali yomata mapaipi a mpweya wotentha opita ku daraya, makina oumitsa tiyi. Tinkamata ndi nsalu ya faibala yonyika mu rezini, chinthu chonanda ngati uchi, chonunkha mpaka mutu waa. Rezini sauma yekha. Umadonthezamo mankhwala oumitsa, ndipo akamauma amatentha. Tisanamate tinkapanga tizibenthu, aka mankhwala pang'ono, aka ochulukirapo, n'kutisiya pa paipi yotentha kuti tione kamene kafewe kapena kung'aluka.

Tsiku limenelo kunali chiperoni. Kukazizira rezini amachedwa kuuma, ndiye masamba anali ataunjikana kudikira daraya. Akapitawo anati zoyesazo zikhale. Anapendeketsa botolo la mankhwala m'chitini chodzaza. Osadontheza ayi, kukhuthula.

"Takasa ukwere, mphwanga. Watani, ukuopa?"

Ndili pamwamba pa makwerero, chitini chinayamba kuthetheka. Utsi woyera unandilowa m'maso. Pansi panga azimayi awiri ankasesa fumbi la tiyi, ndipo fumbi limenelo likaona moto silichedwa. Kutaya sindikanatha. Ndinatsika osaona, ndikukuwa kuti achokepo, rezini wotayika atandimatirira m'zala ngati phula la pamsewu. Nditafika panja ndinachiponya m'ngalande, pompo lawi linabuka.

Kuchipatala cha esiteti rezini anachoka pamodzi ndi khungu. Ululu unalipo, koma chimene chinkandidya ndi ntchito. Akandichotsa ndipita kuti? Ngakhale kothyola masamba, ndani angalembe munthu wa zala zosapindika?

Tsiku loitanidwa ku ofesi, mayi anandigwira malaya pakhomo. "Ukagwire mtima iwe. Ukali wakowu ndi umene unakutulutsa sukulu."

Ndinalowa mu ofesimo. Akapitawo anafotokoza mofatsa, manja kumbuyo, kuti mnyamatayu ndi waphuma, samva zomuuza. Abwana ankangogwedeza mutu. Ndinamasula bandeji ndi mano, n'kuwaika akapitawo dzanjalo pamphuno penipeni.

"Akapitawo, botolo munagwira ndinu. Ine ndinangonyamula moto wanu kuti usagwere azimayi aja. Tabwerezani bodza lanulo mukuyang'ana zala izi."