Amayi Anatsuka Mwala Wamoyo

M'bokosi lachitsulo momwe ndimasungamo mapepala anga muli kanthambi koyera, kolimba ngati fupa, kodzaza timabowo. Kamakhala pakati pa khadi limene tinabwerera nalo kuchokera ku Malawi ndi chiphaso changa cha sukulu. Ana a amalume akakumana paukwati amasimba za kanthambika ngati nthabwala ya anthu a ku kampu ya othawa nkhondo, osadziwa kanthu. Zimenezo ndimakana, ndipo ndidzakanabe. Ine ndinalipo, iwo anali asanabadwe.

Nkhondo itatha tinatsikira ku Tete tilibe nyumba. Bambo anatsala m'manda a ku kampu, ndipo kwathu ku Tsangano ankati m'minda mudakali mabomba okwirira. Tinagona pansi pa lona ku Chimadzi mpaka amalume, omwe ankayendetsa kamiyau, lole yonyamula simenti kuchokera ku Beira, anawapezera amayi ntchito kwa Aphunzitsi. Aphunzitsiwo anali bambo waimvi wa ku Inhassoro, kunyanja yamchere, ndipo ankaphunzitsa asilikali otula zida kulumikiza mawaya a magetsi. Anatipatsa kachipinda kuseri kwa nyumba yawo. Kanali ndi chitseko ndi kiyi. Munthu amene sanagonepo pansi pa lona chitseko amachiona ngati thabwa chabe.

Pabalaza pawo panali bokosi lagalasi lodzaza madzi a m'nyanja. Madziwo ankabwera nawo amalume m'migolo, pamwamba pa matumba a simenti, akung'ung'udza kuti Zambezi yense ali pakhomo koma munthu akufuna madzi owawa. M'katimo munali miyala, ndipo pamiyalapo panali nthambi zofiirira zonga tizitsamba topanda masamba. Nsomba inali imodzi yokha, yosaposa chikhatho changa, yobiriwira, ya madontho a mtundu wa lalanje m'mizeremizere, mlomo wake wautali ndi wosongoka. Inkayandama chozondoka, n'kumajompha nthambizo tsiku lonse ngati nkhuku pamphasa ya mapira. Amalume anaitcha Namlomo. Ankati ngakhale kuikazinga singanunkhiritse poto.

Chilimwe chitafika pachimake, pamene phula la mumsewu limamata kuphazi, Aphunzitsi anaitanidwa kwawo, mlongo wawo akudwala. Malangizo anawapereka kwa amayi ataimirira, chikwama chili m'manja, m'Chipwitikizi chothamanga. Bomba la mpweya, kamakina kopopera mpweya m'madzimo, lisazime. Madzi akaphwa, athiremo owiritsa opanda mchere. Masana aphimbe galasi ndi chiguduli chonyowa. Nsombayo asaipatse kanthu, imadya yokha pa pedra viva.

Apa ndi pamene ndimafuna anthu oseka aja amvetsere. Chipwitikizi cha amayi chinali chitafufutika ndi zaka za ku kampu. Pedra anamva, ndi mwala. Koma viva ankamudziwa malo amodzi okha, kumisonkhano, kumene munthu wa pansanja amafuula viva, inu n'kukweza chibakera n'kuyankha viva. Anaganiza kuti mkuluyo akungotamanda miyala yake, osadziwa kuti pedra viva ndi mwala wamoyo. Ndani m'Tsangano yense anamvapo kuti mwala umakhala ndi moyo?

Kutentha kutakula, nthambizo zinayamba kutulutsa zoterera ngati therere, ndipo pabalaza panamveka kafungo ka kudambo. Amayi anali munthu woti ngakhale ku kampu poto wathu ankawala. Sakanalola kuti mwini nyumba apeze litsiro m'chinthu chimene amachikonda koposa. Anazitulutsa nthambizo, anazikwecha ndi phulusa, anazitsukuluza n'kuziyanika padenga. Zinayera mbee. Ine ndinaombera m'manja.

Namlomo anapita panthambi yoyamba, anajompha kamodzi, n'kubwerera chafutambuyo. Anayesa ina. Kenaka anakaima pakona. M'masiku otsatira mimba yake inayamba kulowa m'kati, ngati munthu waitsina mbali zonse ziwiri.

Amalume atafika ndi migolo anaima pakhomo n'kugwira mutu. "Alongo, mwalima munda wa mwini mpaka mizu!" Iwo anali ataona asodzi akuzula nthambi zotere. Anatifotokozera kuti m'kabowo kalikonse mumakhala kachilombo kamoyo, kofewa, ndipo nsomba ya mtundu umenewu sidya china chilichonse koma timeneto. Zoterera zija sizinali litsiro, zinali thupi lawo. Nthambi zina zikanapezeka ku Inhassoro kokha, ndipo kamiyau yawo sinkafika kumeneko.

Amayi sanalire. Anapita kuchipinda n'kumanga katundu wathu m'chitenje, mfundo ziwiri, n'kumuika kuseri kwa chitseko. Ndinadziwa tanthauzo lake. Nsomba ikafa, tibwerera ku lona.

Tinayesa nyenyeswa za buledi, chikasu cha dzira, kapenta wosinja. Zonse zinkadutsa pamphuno pake n'kumira, amayi n'kuzivuula ndi supuni madzi asanawole. Amalume ankati, "Iwe Namlomo, ife tinadya chimanga chachikasu osachifunsa dzina. Ndiwe mwana wa nduna kodi?" Amayi sankaseka. Ankakhala pampando wamatabwa, chiguduli chikudontha, n'kumayang'ana. Ndiwo anaona kuti nsombayo siyang'ana chilichonse choyandama, koma ikapuma imabwerera kukafufuza m'timabowo ta nthambi zoyera zija.

Anapita kumsika kwa amayi ogulitsa kamarau wouma wa ku Beira, tinkhanu tating'ono tofiira tija. Anamuviika kuti afewe, ine n'kumusinja mu kamtondo ka tsabola kotsuka bwino mpaka anakhala phala lomata. Fungo lake linandikhala m'zikhadabo nyengo yonseyo. Amayi anapaka phalalo m'timabowo ndi chala chachikulu, anaika nthambiyo padzuwa pang'ono kuti ligwire, n'kuibweza m'madzi. Namlomo anainunkhiza n'kuchoka. Amayi anapakanso mawa lake, ndi tsiku linzake.

Tsiku limene Namlomo anadya kunali dzuwa la masana, magetsi atathima, ine ndikuvundula madzi ndi chikho kuti mpweya ulowe. Ndinaona mlomo ukulowa m'kabowo, n'kutuluka, n'kulowanso m'kena. Mchira unkanjenjemera. Ndinafuna kufuula, amayi ananditseka pakamwa ndi dzanja lonunkha kamarau. Tinakhala choncho mpaka nthambi yonse inayeranso.

Aphunzitsi anabwerera mitambo yoyamba itayamba kusonkhana. Ananyamula ndowa ya nthambi zatsopano, koma zonse zinafera m'njira ndi kutentha, fungo lake linatsogola iwo asanalowe. Amayi anagwada pakhomo n'kuulula zonse, amalume akumasulira. Atafika pa viva, mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola, misozi m'maso. Kenaka anavala magalasi n'kuwerama pagalasi. Namlomo anali pantchito yake, mimba itadzaza. Anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa ngati kamarauyo watsala, ndipo anati kuyambira tsopano m'mawa ndi masana azipaka amayi okha, popeza dzanja lawo ndi limene nsombayo yalizolowera. Mlandu unathera pomwepo.

Tili kuchipinda, amayi akumasula mfundo za chitenje, ndinati Namlomo wapulumuka. "Wapulumuka, inde," anatero. "Waphunzira kudya za eni."

Ine ndinamva ngati akuitamanda nsombayo, ndipo mawuwo ndinakawabwereza kwa anzanga kumpopi monyadira. Sindinamvetse chifukwa chake amayi sanamwetulire powanena, kapena chifukwa chake, akatha kupaka nthambi, ankaimabe pagalasipo manja ali kumbuyo, kuyang'ana nsomba yokhuta ikuzungulira munda umene sudzaphukanso.