Chifuwa cha Galimoto ya Bambo

Nkhondo itayandikira ku Moatize, bambo anazula injini ya galimoto yawo, imene kwathu timati motolo, nkuikulunga m'matumba, nkuikwirira kuseri kwa khola. Galimotoyo inali ya nthawi ya atsamunda, ndipo inkayamba yatsokomola katatu isanalire. Tinathawira ku Malawi wapansi, bambo akulonjeza amayi kuti pobwerera adzakwera galimoto. Bambowo anatsikira kulichete komweko.

Mtendere utabwera tonse tinabwerera kwathu, koma amayi anangowoloka malire nkukhala pa Zóbuè kwa mng'ono wawo. Anati adikira galimoto imene analonjezedwa. Amayi anga akakana, ngakhale wansembe amangonyamula chipewa chake.

Achimwene anafukula injiniyo nkuyamba kuikonza. Chaka chathunthu! Ine mtima unkandiwawa: amayi miyendo ikutupa ndi kuzizira kwa ku mapiri, munthu wamkulu ali kalikiliki kutsuka timabawuti m'beseni langa losambira.

Atamaliza anaibwezera m'galimoto muja, nkuitana mmisiri wina wokalamba, amene kale ankakonza makina ku mgodi wa malasha, kuti adzaiyese. Mkuluyo anali wogontha khutu limodzi, linalo longoyerekeza. Anakhazika kapu ya madzi pa injini ikulira, madzi osagwedezeka. Analuma kamtengo, nsonga inayo ataigunditsa pa chitsulo, amvekere mano sanama. Kenako ananunkhiza utsi, nkulawa oyilo pa chala ngati akulawa mchere m'ndiwo.

"Motolo uyu ndi mnyamata," anatero. "Mutha kumufunira mbeta."

Tinanyamuka m'mawa, mkuluyo ali nafe kuti akaimve pa zitunda. Tinadutsa Kambulatsitsi achimwene akuimba hutala ngakhale kwa mbuzi. Zitunda zonse inakwera osapumira.

Amayi tinawapeza pa mkeka akusenda mtedza. Anaizungulira galimoto, nkuuza achimwene kuti aizime, ailizenso. Inalira nthawi yomweyo, myaa.

"Si imeneyi," anatero amayi. "Mwaikamo mtima wa eni. Ya bambo anu inkatsokomola katatu."

Anabwerera pa mkeka. Achimwene anagwira m'mutu, pakuti chifuwa chimenecho ndi chimene anataya miyezi itatu akuchichiza. Ine ndinayankhula mawu amene mpaka lero ndimachita nawo manyazi.

Mmisiri uja ananjuta pafupi ndi mkeka.

"Mayi, chifuwacho chinali chouma kapena chonyowa?"

"Chouma. Kachitatu ankakoka."

Mkuluyo anatsegula kutsogolo kwa galimoto, nkumasula kawaya kena pang'ono, nkupotoza kabawuti. Achimwene anafulatira ngati munthu amene akumuphera mbuzi yake yokondedwa.

"Ilize, mwanawe."

Kho. Kho. Khooo. Kenako inalira, ikunjenjemera thupi lonse monga kale.

Amayi anaimirira, mtedza uli mbwee kuchoka pa chitenje. Ndinali ndisanawaonepo akulira chiikireni maliro a bambo, ndipo ukali wanga wonse unathera pomwepo. Anapita pa galimoto, nkusisita chitseko cha woyendetsa.

"Mwachedwatu," anatero, ndipo sankanena ife.

Anakwera kutsogolo, mtedza nkuusiyira nkhuku.