Mphalabungu ya m'dzanja la agogo

Ndikakumbukira agogo anga aamuna a ku Chiputo, ndimamva fungo la mphalabungu zikukazingidwa m'phale, utsi wa nkhuni zonyowa ukutilowa m'maso, mvula yoyamba itangodutsa. Anthu ankati kutola mphalabungu ndi ntchito ya amayi ndi ana, koma agogo sankamva za munthu. Ankalawirira kutchire mame asanakamuke, ine pambuyo ndi chitini, n'kukaima pansi pa mitengo ya mkalati kumvetsera zitosi za mphalabungu zikuwaza pamasamba ouma. Nthambi sankathyola. Wina akagwetsa mtengo kuti atole msanga, ankamulondola mpaka pakhomo pake. "Chaka chamawa mudzadyera nkhwangwa?" ankatero, mudzi wonse ukumva.

Agogo analibe chithunzi. Chimodzi chomwe anali nacho chinapsera m'nyumba nthawi ya nkhondo, iwo akuthawira ku Zambia, ndipo atabwerako kunalibe wojambula wofika kwathu. Chaka chimene anayamba kutsokomola magazi, amayi anatumiza mawu kwa amalume, amene ankagwira ntchito ku Tete, kuti abwere ndi telefone yawo yojambula. Chifukwa chake tonse tinkachidziwa, kungoti palibe anachitchula.

Amalume anafika ali matope okhaokha, lole itawasiya kutali, telefone itatsala pang'ono kuzima, kumudzi kopanda magetsi. Amayi anatulutsa kazako ya agogo, jekete ija ankavala kutchalitchi, koma eni ake panyumba panalibe. Tinakawapeza kutchire atakhala pachitsa, pomwe ocheka matabwa anali atangodutsa. M'dzanja mwawo munali mphalabungu imodzi, yakuda bii, ya mizere yachikasu yowala ndi tiubweya toyera, ikudzipinda n'kumadzitambasula.

"Bambo, valani kazako msanga, bateriya ikutha," anatero amalume.

"Yamba wajambula iyi. Kuyambira m'mawa ndapeza yokhayi."

"Ifetu tadzera inu, osati mbozi."

"Ine mwandiona mpaka kutopa nane," anayankha agogo, n'kundiloza ndi chibwano. "Nanga ana a Rozita adzaiona kuti iyi?"

Kukangana ndi agogo kunali kutaya malovu. Amalume anawerama, n'kujambula dzanja lija kuti nkhani ithe. Atadzutsa telefone kuti aloze kunkhope, inazima. Anaigwedeza, anachotsa bateriya n'kuitikita pabuluku, koma ayi ndithu. Amayi anangokhala pansi, kazako ili pamiyendo, n'kuyamba kulira ngati maliro achitika kale. Agogo sanapepese. Anaika mphalabungu ija pa mphukira ya chitsa, n'kunena kuti tizipita.

Amalume analonjeza kudzabweranso, koma mitsinje inadzaza, msewu unaduka, ndipo agogo tinawaika m'manda chimanga chisanache.

Mpaka lero ndikadali nawo mkwiyo, sindinama. Chithunzi chija amalume anakachitsukitsa ku Tete, ndipo ndine ndimachisunga. Tchire lija tsopano ndi zitsa ndi ng'anjo za makala, ndipo ana anga akaona mphalabungu yapachithunzi amati ndi chilombo, amanyansidwa. Zomwe agogo ankaopa zinachitika, koma kuchijambulako sikunapulumutse kanthu. Nkhope yawo nayo ikundithawa chaka ndi chaka. Mawu ndimawamva, koma maso ndi mphuno sindithanso kuzilumikiza.

Mwana wanga wamng'ono akandifunsa kuti agogowo ankaoneka bwanji, ndimamulozera m'mphepete mwa chithunzi, pomwe pali chala chachikulu chong'ambika chikhadabo, n'kumuuza kuti ndi awa.