Ulalo wa a Nabanda

Tandiuzani, inu a mpingo: n'chiyani chimagona pansi dzuwa ndi mvula, anthu n'kumachiponda, icho osadandaula? Mukati amuna anga mwalakwa, iwowo amadandaula. Ndi ulalo, ndipo wathuwu wa njira ya kuchipatala cha Mbulumbuzi tili nawo chifukwa cha malemu a Bernadetta Nabanda.

A Nabanda anabadwira ku Magomero, m'banja la Alomwe. Agogo awo anachoka ku Mozambiki wapansi, n'kudzafikira pa thangata, kulimira mzungu mokakamizidwa. Sukulu anangoilawa ngati ine, koma katekisimu anali naye m'mutu. Atakwatiwa kuno anabereka ana, ena n'kuwaika m'manda, amuna awonso n'kutsogola. Korona wawo wopempherera sanamusiye.

Matipate atangobwera, madzi anakokolola ulalo wakale, anthu n'kukana kumanga wina. "Ntchito yaulere ndi thangata, inatha ndi chipani chimodzi," ankatero a Greyson, wapampando wa kachipani kena, kambendera ka dziko kali petupetu panjinga yawo. "Boma libwere. Malawi ameneyu palibe amamukonda kuposa ine."

Dzinja limenelo mayi wina woyembekezera anachirira pagombe mtsinje utadzaza, mwana osapulumuka. A Nabanda anali nawo pokaika kamwanako. Atabwerako anapinda nkhata, n'kuyamba kututa miyala okha.

"Amayi, mwabwerera ku ukapolo?" a Greyson anawafunsa, mwendo umodzi uli panjinga.

"Thangata ndimaidziwa, mwananga, agogo anandionetsa zipsera. Ija ankagwirira mzungu. Iyi ndikugwirira dziko limene Mulungu anatipatsa titabwera manja okhaokha. Ngati umalikonda, tsika panjingapo."

Sanatsike.

Anthu anawaseka a Nabanda, msana unawawa, zidendene zinang'ambika, koma sanaleke. Potuta ankapempherera Malawi yense, ndi atsogoleri omwe sanawavotere omwe. Ife a mphakati manyazi anatigwira, tinapinda nkhata zathu. Abambo nawonso anadula mitengo, ulalo unaima.

Chaka chatha, nandolo akuchita maluwa, a Nabanda analandira masakramenti, n'kugona ngati munthu wochokera kumunda. Anatisiyira phunziro lakuti dziko timalikonda ndi msana.

Pamaliro a Greyson anapempha kulankhula. "Ulalo uja tinamanga ndi manja awa, ine ndi mayiwa. Lero ndiwawolotsa ndekha."

Manda athu ali kutsidya. A Greyson anatsogola, chifuwa patsogolo, n'kulunjika pomwe panali ulalo wakale. Watsopano uli kumtunda, pathanthwe, ndipo iwo oyenda mumsewu ndi njinga anali asanaupondepo. Onyamula bokosi anangokhota mwakachetechete, malemu n'kuwoloka pa miyala yawo. A Greyson potembenuka, ali okha m'matope mpaka m'mawondo.

"A wapampando," anatero mdzukulu wina wokumba manda, "mukuyeza pomanga wachiwiri?"

Mulungu atikhululukire, tinaseka pamaliro. Ngakhale bambo mfumu anabisa nkhope m'buku la nyimbo.