Fupa la Mwala la Wezi

Ndinali ndi zaka khumi pamene banja la Wezi linachoka ku Karonga kudzagwira utenanti pa esiteti ya fodya kufupi ndi kwathu ku Kabudula. Kusukulu tinkakhala benchi imodzi. Tsiku lina anandikokera kuseri kwa chigafa n'kumasula kansanza.

Munali fupa la msana, lalikulu kuposa chibakera cha bambo anga. Nditalinyamula dzanja langa linatsika. Linali lolemera, lozizira, lofiirira ngati mwala wa kumtsinje. Agogo ake analitola m'chigwembe chokumbidwa ndi mvula kwawoko.

Ndinalumpha ndi chimwemwe. Koma wina anationa, ndipo posakhalitsa kumjigo kunamveka kuti atenanti atsopano akusunga fupa la munthu. Amayi ake a Wezi anayamba kusalidwa, kapitawo nayenso n'kumanena zowachotsa pa esiteti.

Ine ndi Wezi tinathamanga nalo kwa Mayi Chimwaza, aphunzitsi athu a sayansi. Analitembenuzatembenuza maso akuwala, ndipo mawa lake anaitanitsa makolo pansi pa mtengo wa mango. Anapala fupa la ng'ombe ndi mpeni, linapalika. Atapala la Wezi, mpeni unangolira.

"Ndani pano ali ndi msana waukulu chonchi?" anafunsa. Anthu anaseka.

"Nanga aphunzitsi, fupa lingasanduke bwanji mwala?" anafunsa kapitawo uja.

Aphunzitsiwo anati fupalo linali la chinyama chachikulu chimene chinafa kalekale, anthu kulibe, matope n'kuchikwirira. Pamwamba panaunjikana matope ena ndi mchenga mpaka zonse zinalimba kukhala thanthwe. Pansi pamenepo madzi ankalowa m'timabowo ta fupa atasenza mchere wa m'nthaka, ndipo pang'onopang'ono mcherewo unatenga malo a fupalo, maonekedwe okha n'kutsala. Kenako analipereka kuti aliyense aligwire. Ena anayamba ndi chala chimodzi, koma pomaliza ankalimbirana.

Madzulo omwewo ndinakwirira mafupa a nkhuku kuseri kwa nyumba yathu. Patatha mwezi ndinafukula, ndinapeza akadali mafupa. Nditawauza, aphunzitsi anaseka mpaka misozi: "Mwana iwe, ngakhale zidzukulu za zidzukulu zako sizidzauona mwalawo!"

Banja la Wezi silinachotsedwe. Lero ndimazindikira kuti mawu okha a aphunzitsi sakanakwanira. Mantha a anthu aja anatha pamene chinthu chimene ankangochimva kumjigo chinafika m'manja mwawo, masana, aliyense n'kumva yekha kulemera kwake.