Mbewu zomwe sizinakwere ndege

Ndinadziwana nawo kuchipatala cha ku Mtengowanthenga, m'khitchini ya odikirira odwala. Ine ndinkadwazika amuna anga, iwo ankadwazika mwana wawo wamkazi. Anali mayi a ku Burundi okhala ku Dzaleka, aatali, ofatsa, ndipo Chichewa chawo chinkatsimphina koma chinkamveka. Tinkapalirana moto. Tsiku lina anandilawitsa timabiringanya toyera, tonga mazira a nkhuku, towawa pang'ono. Ndinafunsa kumene amagula.

"Sindigula," anatero. "Ndimadzala ndekha. Mbewu yake ndi ya mayi anga."

Odwala athu atachira tinabalalika, koma chibale sichinathe. Ndikapita kumsika wa ku Dzaleka ndinkadzera kwawo, ndipo tinayamba kuitanana achemwali.

Patapita zaka, m'mawa wina wa mu Epulo mvula itangosiya, anatsika pa kabaza pakhomo pathu atakumbatira kandowa kovindikira. Anandipeza pakhonde ndikusankha mbewu za kudimba. Ndinali nditayala pa lichero mpiru womwe ndinaumitsa ndekha, pambali pali mapaketi a repu ndi matimati ogula ku Mponela.

"Achemwali, dzina lathu latuluka," anatero atakhala pamphasa. "Tikupita kunja, kutsidya kwa nyanja."

Ndinalulutira, koma iwo anangomwetulira pang'ono n'kuvundukula kandowa kaja. Munali timafundo ta nsalu, tina tothetheka ndi ukalamba.

"Atiuza kuti mbewu siziloledwa kulowa m'dzikolo. Ndiye ndabwera nazo kuno."

Anamasula kamfundo kamodzikamodzi. Munali njere za mabiringanya aja zosakaniza ndi phulusa, bonongwe wa masamba aakulu, tsabola, nthanga za maungu. Pomaliza anakhuthulira m'dzanja langa nyemba zofiirira zamawangamawanga, zonyezimira ngati zapakidwa mafuta.

Anandiuza kuti tsiku lomwe anathawa nkhondo, mayi awo, omwe sakanatha kuyenda ulendo wautali, anawamangirira mbewuzi m'chiuno ndi chitenje. Ku Tanzania anazidzala kuseri kwa tenti. Atafika ku Dzaleka anazidzala pakadera kochepa ngati mphasa, pafupi ndi bafa, kuti zizimwa madzi osambira. Chaka chilichonse ankadzala, ngakhale mapando ochepa chabe, kuti mbewu isafe.

"Panjira tinagonapo ndi madzi okha, nyemba zili m'chiuno mwanga," anatero. "Bambo a ana anati tiphike. Ndinakana. Anandikwiyira mpaka tinawoloka malire."

Ndinayang'ana m'dzanja langa. Ine mbewu ndinkaiona ngati chinthu chongotapa m'chitini kapena kugula m'sitolo. Koma izi zinadutsa mapiri ndi mitsinje yomwe ine sindidzaiona, zinapulumuka mfuti, zinapulumukanso mphika wa anthu anjala, ndipo tsopano zinali pakhonde panga ku Dowa. Ndinaopa ngakhale kufumbata.

"Tiyeni kudimba," anatero akudzuka. "Ndione kumene zikakhale."

Tinatsetsereka kudambo. Mame anali asanaume, ndipo chakumpoto mapiri a Ntchisi anali atafunda nkhungu. Anavula nsapato, nayenda dimba lonse, akutapa dothi n'kulifinya. Bonongwe anamupatsa malo pafupi ndi chitsime. Tsabola anati akhale kumpanda, kutali ndi ana. Repu ndi mpiru wanga anati zitsogole, poti zimakonda kuzizira.

"Nanga mabiringanya?" ndinafunsa.

"Amenewo ndi amantha. Chisanu cha mu Juni cha m'dambo muno chingawaphe. Mudikire mphepo itembenuke, mufese panazale mu Ogasiti. Nyembazi ndi zoyanga, zikhale kumtunda uku kosadikha madzi. Ndipo musadzale zonse. Theka lizitsala m'nyumba nthawi zonse."

Ankaloza uku ndi uku ngati munthu amene adzabwera kudzathyola ndiwo. Ndinalephera kupirira.

"Koma achemwali, inutu simudzadyako."

"Amene anandipatsa nawonso sanadyeko za ku Dowa," anayankha, n'kupitiriza kuyeza bedi ndi mapazi.

Ananyamuka mwezi wotsatira. Ndinachita zonse monga ananenera. M'mawa womwe nyemba zinaboola nthaka, zitawerama timitu ngati anthu akupemphera, ndinakhala pansi pamzere, kheni ili pambali, osathirira kwa kanthawi. Amuna anga anadula nsungwi zofika m'mutu, koma nyembazo zinapitirira, zikugwedeza nsonga m'mwamba kufuna pogwira. Amayi anzanga a kumvano anayamba kudzera kudimba pochokera kutchalitchi kudzaziona.

Zitayamba kubereka ndinajambula pafoni n'kutumiza kwa mwana wawo uja. Yankho linabwera la mawu. Mtsikanayo anati mayi ake akhala nthawi yaitali akuyang'ana chithunzicho.

"Ndipo akuti ndikuuzeni kuti musadye zoyamba kukhwima," anawonjezera. "Zimenezo ndiye mbewu."

Ndinang'amba chitenje chakale, ndinatsikira kudimba, n'kumanga kansalu pa chitheba chilichonse chonenepa chomwe ndinachipeza m'munsi mwa nsungwi.